ZA ULIMI: Njerwa Zamoyo za M'mtengo wa Nachesi

Sabata ino sindilemba za nkhokwe kapena za anankafumbwe ai. Ndifuna kukuuzani zimene ndinaphunzitsa ana pa sukulu ina ya pulaimale cha ku Thambani, ndi zimene zinatuluka m'phunzirolo, chifukwa zikhudza manachesi athu.

Nonse mudziwa kuti Mwanza imveka ndi manachesi. Ikafika nyengo yozizira, munthu woyenda pa mseu wochokera ku Blantyre kunka ku Zobue aona milu ya manachesi m'mbali mwa njira. Koma mudziwanso kuti mitengo yambiri ya m'minda mwathu anabzala ndi makolo athu. Tsopano yakalamba, nthambi zina ziri kuuma, ndipo zipatso ziri kuchepa. Mtengo wokalamba ufuna wina wolowa m'malo mwache, ndipo wabwino ndiye womezanitsa, chifukwa uyamba kubala pa zaka zitatu kapena zinai, pamene wa njere ungakudikiritseni zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposa. Bvuto nlakuti ambiri ayesa kumezanitsa, mbande nkufa, iwo nkuleka, nkumati, "Ine ndiribe dzanja la mitengo."

Mwezi wa June aphunzitsi a Sitandade 6 anandipempha kuti ndikaonetse ana ao kamezanitsidwe ka mitengo. Ndinapita ndi mpeni wanga, mbande ya ndimu ndi kanthambi ka nachesi. Ndisanayambe nkomwe, mnyamata wina wa kumbuyo anakweza dzanja nati, "Pepani alangizi, ine ndikamanga matabwa awiri pamodzi ndi luzi sagwirana, ngakhale patapita chaka. Nanga mitengo iwiri igwirana bwanji popanda msomali kapena ulimbo?"

Anzache anaseka, koma ine sindinaseke. Ndaphunzitsa akuluakulu ambiri kumezanitsa ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anandifunsapo funso limeneli. Ndinaika mpeni pansi.

Ndinawafunsa kuti, "Kodi chipupa cha sukulu yanuyi chinamangidwa ndi chiani?" Onse pamodzi anati, "Njerwa!" Ndinati, "Nanga mukaima pamwamba pa phiri ndi kuyang'ana kuno, muona njerwa imodziimodzi?" Anati, "Iai, tiona chipupa chokha." Pamenepo ndinawauza kuti chamoyo chiri chonse chinamangidwa chimodzimodzi. Mtengo, chimanga, mbuzi, nkhuku, ngakhale munthu, zonse zinamangidwa ndi tinjerwa tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Ophunzira atitcha maselo, limodzi ndi selo. Koma pali kusiyana kwakukuru. Njerwa njakufa, ndipo aumba kudambo nkubwera nayo. Selo nlamoyo. Limwa madzi, lidya, lipuma, likula, ndipo likakula ligawika pakati nkukhala maselo awiri. Awiriwo nkukhala anai, anai nkukhala asanu ndi atatu. Palibe uvuni wootcheramo maselo. Selo liri lonse lichokera ku selo linzache. Umo ndi mmene njere imodzi ya chimanga isandukira phesi lalitali kuposa munthu, ndi mmene kamwana ka mbuzi kakulira m'mimba mwa make.

Nzeru imeneyi anthu sanaidziwe tsiku limodzi. M'chaka cha 1665 munthu wina wa ku London dzina lache Robert Hooke anasindikiza buku la zimene anaona ndi makina a magalasi okuza zinthu, amene lero tiwatcha maikulosikopu. Anasenga kachidutswa ka khungwa lopepuka limene apangira zotsekera mabotolo, naona kuti nkodzaza ndi tizipinda tondandana ngati chisa cha njuchi. Iye ndiye anayamba kutchula dzina lakuti selo. M'chaka cha 1674 Antonie van Leeuwenhoek, wa ku Delft m'dziko la Holland, anaona tizilombo tamoyo tiri kusambira m'dontho la madzi a m'nyanja. Munthu ameneyu sanali mphunzitsi wa sukulu yaikuru ai, anali wogulitsa nsaru, ndipo magalasi ache ankapanga yekha. Izi ndinawauza ana mwadala. Koma kuti ophunzira abvomerezane kuti zomera zonse ndi nyama zonse nzomangidwa ndi maselo, panapita zaka zina zoposa 160, kufikira Matthias Schleiden ndi Theodor Schwann a ku Germany analemba zimenezi m'zaka za 1838 ndi 1839.

Pa sukulupo panalibe maikulosikopu. Ine ndinali ndi kagalasi kanga ka m'thumba kamene ndionera nsabwe za pa masamba. Tinasenda kakhungu kopyapyala ka m'kati mwa anyezi, kaja koonekera ngati pepala la pulasitiki, tinakayala pa galasi la zenera, ndipo ana anafola mmodzimmodzi. Kagalasi kanga nkofooka, kotero zinali kuoneka mwachimbuuzi, timizere tondandana ngati njerwa za chipupa choonera patali. Ena anaona msanga. Ena anangoti "ndaona" kuti anzao asawaseke, ndipo amenewa ndinawabweza pa mzere, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Maselo a anyezi ndi akulu ndithu poyerekeza ndi ena: pa milimita imodzi ya pa rula angandandane atatu kapena anai. Maselo ofiira a m'magazi mwathu, aja amene kachirombo ka malungo kalowamo, angandandane oposa 100 pa milimita yomweyo.

Tsopano ndiulule cholakwa changa. Pofuna kuti ana aone selo bwinobwino ndi maso, ndinasenda nachesi, ndinang'amba chigawo chimodzi, ndinawaonetsa timatumba ta madzi tija tiri m'katimo, ndi kuwauza kuti kathumba kali konse ndi selo limodzi. Ana anakondwa, analemba m'makope mwao, nachesiyo nkudya. Koma usiku mtima sunakhazikike. Ndinatsegula buku langa la ku sekondale ndi lina la za zipatso, ndipo ndinapeza kuti ndinanamiza ana a eni. Kathumba kamodzi ka madzi a nachesi kali ndi maselo ambirimbiri m'kati mwache. Sabata yotsatira ndinapalasa njinga kubwerera komweko, ndinaima patsogolo pa kalasi ndi kunena kuti, "Fufutani zija, ndinalakwa." Kunali manyazi, koma ndikanakhala chete bodzalo likanafika m'nyumba zoposa makumi asanu.

Ulendo wachiwiriwu ndinatenga zinthu ziwiri zimene ndinali nditatsimikiza. Choyamba ndi thonje, limene ndinapempha kwa mlimi wa kuchigwa. Mukatenga njere ya thonje ndi kusolola kaubweya kamodzi kokha, kameneko ndi selo limodzi, lomera pa khungu la njere ndi kutalika masentimita awiri kapena atatu. Nsaru ya thonje imene mwabvala ndi maselo opota pamodzi. Chachiwiri ndi dzira. Chachikasu cha m'kati mwa dzira la nkhuku yosakumana ndi tambala ndi selo limodzinso, lalikuru chotero chifukwa ladzaza ndi kamba wa mwanapiye. Mwana wina anati, "Ndiye kuti dzulo ndadya selo ndi nsima." Ndinati inde, ndipo nsimayonso inali maselo a chimanga osinja.

Apa mpamene tinabwerera ku funso la mnyamata uja. Ndinatuma ana kukathyola nthambi za mabulosi m'mbali mwa dimba, ndipo ali yense anasenda khungwa ndi chikhadabo. Ndinati, "Gwirani pamene mwasendapo. Mumva chiani?" Anati, "Mponyowa, mpoterera." Alimi anzanga, ngati muiwala zonse za m'nkhani ino, musaiwale poterera pamenepa. Pakati pa khungwa ndi thupi la mtengo pali kamzere kopyapyala kuposa pepala, ndipo m'menemo ndimo mukhala maselo anthete amene ali pa nchito yogawika. Amene abadwira cha m'kati asanduka thupi la mtengo, momwe muli tinjira tokweza madzi kuchokera ku mizu. Amene abadwira cha kunja asanduka khungwa la m'kati, momwe muli tinjira tonyamula chakudya chimene masamba apanga ndi dzuwa, kupita nacho ku zipatso ndi ku mizu. Pakati penipeni pa mtengo waukuru maselo ambiri anafa kale, angokhala ngati mzati. Nchifukwa chache mango wa mphako, woti mwana nkubisalamo, abalabe chaka ndi chaka, pamene mtengo wabwinobwino ukausenda khungwa kuzungulira tsinde uuma.

Matabwa sagwirana chifukwa maselo ache ngakufa. Koma ukadula mitengo iwiri yamoyo ndi kukhudzanitsa poterera pa wina ndi poterera pa unzache, maselo a mbali zonse ziwiri ayamba kugawika kuti atseke bala, monga chilonda cha pa mwendo chipolera. Akumana pakati, alukana, ndipo pambuyo pache amanga tinjira tatsopano ta madzi ndi ta chakudya. Ulimbo wache ndi umenewo. Ndimu ndi nachesi ndi pachibale, maselo ao amvana. Mango pa ndimu sangagwire ngakhale mumange chotani.

Tsiku limenelo sitinamezanitse. Nditayesa kutsegula khungwa la mbande ya ndimu linakana, linamamatira. Kunali kozizira, ndipo dothi la m'chubu linali louma, kotero maselo a poterera paja anali ngati agona. Tinapangana kudikira mwezi wa October, kukatentha.

Patapita masabata awiri, Loweruka m'mawa, kunyumba kwanga kunafika bambo wina wachikulire, nkhope iri gwa. Titapatsana moni anati, "Alangizi, kodi kusukulu kuja mwayamba kuphunzitsa ana kunyoza makolo ao?" Ndinadabwa. Nkhani yache inali yotere. Bamboyu anamezanitsa mbande 30 chaka chatha mwa njira yong'amba tsinde ndi kulowetsamo kanthambi kosongola, ndipo zinagwira ziwiri zokha. Mwana wao wamkazi, amene anali m'kalasi muja, anali ataona mmene atate ache ankachitira. Sanayankhule kwa iwo ai, ndi mwana woleredwa bwino. Anauza amai ache pamtondo kuti, "Ababa aika kanthambi pakati pa tsinde, pamene mpakufa." Amaiwo nkukafikitsa mauwo madzulo.

Ndinati, "Bambo, tiyeni tikaone mbandezo tisanaweruze mwana." Zouma zija anali asanataye, zinali kuseri kwa khola. Tinamasula imodziimodzi. Matsinde a ndimu anali onenepa ngati chala chachikuru cha kumanja, pamene tinthambi ta nachesi tinali toonda ngati udzu wofolera. Bamboyu, pofuna kuti nchito ioneke yaudongo, ankaika kanthambi pakatikati pa mng'alu, kotero khungwa la kanthambi silinakhudze khungwa la tsinde mbali iri yonse. Anamanga bwino, anathirira bwino, anaika pamthunzi, koma poterera ndi poterera sipanakumane. Kenaka tinaona ziwiri zamoyo zija. Zonse ziwiri zinali za matsinde oonda, olingana ndi kanthambi, kotero makungwa anakumana okha mwangozi.

Mkuluyo anakhala chete nthawi yaitali, mbande youma iri m'manja. Kenaka anati, "Ndiye kuti dzanja langa liribe mlandu." Ndinati liribe. Tsinde likanenepa kuposa kanthambi, sendezani kanthambiko m'mphepete kuti khungwa lilingane ndi khungwa ngakhale mbali imodzi yokha. Zioneka zopotoka koma zigwira. Za mwana uja sananene kanthu, ndipo ine sindinafunse. Koma tsiku la phunziro la October ndinawaona atakhala pa chitsa kumbuyo kwa ana, chipewa chiri pa bondo.

Pa manachesi ndi malalanje njira imene ndiikonda ndi yoika diso, chifukwa kanthambi kamodzi kakupatsani maso angapo, ndiponso diso ligona pa poterera penipeni. Ndiifotokoze monga tinachitira ndi ana aja, amene tsopano ali mu Sitandade 7.

Mbande ya ndimu ikhale yonenepa ngati pensulo. Ithirireni bwino masiku angapo musanayambe, kuti maselo adzuke ndi khungwa lisendeke losabvuta. Likakana, lekani, dikirani. Maso atengeni ku mtengo umene muudziwa kuti ubala zipatso zabwino ndi zambiri, pa nthambi yobulungira yokhwima pang'ono. Diso lotere lichokera ku mtengo wotha msinkhu, ndipo maselo ache saiwala msinkhu wao, nchifukwa chache womezanitsa abala msanga. Mtengo wa masamba achikasu a mawangamawanga, wa zipatso zazing'ono zopotoka, musatengeko diso ngakhale mwini akupatseni ulere. Matenda ena a mitengo imeneyi ndi tizilombo tochepa kuposa maselo a mtengowo, tokhala m'tinjira ta chakudya tija, ndipo tisamuka pamodzi ndi diso.

Ndi mpeni wakuthwa ndi woyera, chekani khungwa la ndimu ngati chilembo cha T, kutalika kwa chikhatho chotambasula kuchokera pa dothi. Chekani khungwa lokha, musalowe m'thupi la mtengo. Sengani diso ndi kachikopa kache, muligwire ndi kaphata ka tsamba, osakhudza ponyowa ndi chala. Lowetsani msanga pansi pa khungwa, diso liyang'ane kumwamba. Msanga ndithu, pakuti maselo anthete akakhala pamphepo auma ndi kufa. Imeneyi si nthawi yocheza ndi wodutsa m'njira. Mpeni wobuntha uphwanya maselo m'malo mowadula, ndipo ophwanyika sagawika. Mangani ndi kansalu ka pulasitiki kuyambira pansi kukwera m'mwamba kuti madzi asalowe. Pakapita masabata atatu masulani. Diso likakhala lobiriwira lagwira. Likada lafa, yesaninso mbali yina. Logwiralo mulidulire mutu wa ndimu pamwamba pache kuti chakudya chipite kwa ilo, ndipo mphukira zonse zotuluka m'munsi mwa diso muzithyola, chifukwa zimenezo ndi ndimu, si nachesi. Ndaonapo munthu atasamala mtengo zaka zinai nkudzakolola mandimu.

Ana atamvetsa za poterera paja anayamba okha kutchula zinthu za kumudzi, ine osawafunsa. Wina anati mbuzi zao zikungudza makungwa a mbande m'chirimwe. Wina anati atate ache anamanga waya wa mpanda pa tsinde la nachesi ndipo wayayo walowa m'kati. Wina anatchula moto wosakira mbewa. Zonsezi ndi bala limodzi. Moto ukadutsa pansi pa mtengo sufunika kuutentha wonse ai, ungophika kamzere kaja pansi pa khungwa, ndipo mwini adzadabwa miyezi ya mtsogolo kuti mtengo uli kuuma popanda chifukwa. Lambulani udzu wouma kuzungulira mitengo yanu moto usanayambe, ndipo mbande zitchingireni ndi minga.

Chinanso chimene tinayesa, chimene mungayese kunyumba lero lomwe, ndi ichi. Dulani nkhaka kapena mbatata ya kachewere mopyapyala, muwaze mchere, mudikire pang'ono. Muona madzi ali kutuluka ndipo kachidutswako kafota. Mchere wakoka madzi a m'maselo. Tsono ku nsonga za mizu kuli timizu tonga ubweya, ndipo kali konse ndi selo limodzi la khungu lopyapyala. Ndito timwera mbeu madzi. Feteleza ali ngati mchere. Mukamuunjika pa tsinde penipeni, makamaka dothi liri louma, akoka madzi m'timizu timeneti m'malo moti tito timwe, ndipo inu muti feteleza waotcha mbeu. Pa chimanga bayani kadzenje pambali, kutalikira ngati kupingasa kwa chikhatho. Pa mtengo wa zipatso thirani mozungulira pamene mthunzi wa masamba ulekezera, dothi liri lonyowa. Timizu tomweti nditonso tiduka pozula mbande, nchifukwa chache tiokera madzulo ndi dothi lache lomwe.

Makolo ena anena kuti za maselo nza ana opita ku sekondale, ndipo mwana wa mlimi angophunzira kugwira khasu. Ine sindibvomereza. Mlangizi mmodzi ayendera midzi yambiri, ndipo sangakhalepo pa mbande iri yonse imene muidula. Lamulo lopanda chifukwa chache munthu aliiwala kapena alipotoza, monga anachitira bambo uja pofuna udongo. Ndiponso phunziro lonseli silinadye ndalama: anyezi mmodzi, dzira, thonje, nthambi ya mabulosi ndi mchere wa pa chala. Aphunzitsi amene mufuna kuliyesa, uzani mlangizi wa dera lanu akubwerekeni kagalasi kache. Ndipo inu amai ndi abambo, mwana akabwera ndi mau achilendo a kusukulu, mufunseni akuonetseni pa mtengo.

Titamasula mapulasitiki m'mwezi wa November, maso oposa theka anali obiriwira. Kwa ana ogwira mpeni koyamba si zochepa. Mwa amene anafa, ambiri anali a ana othamanga amene anagwira ponyowa ndi zala, ndipo atatu anali ozondoka. La mnyamata wa funso uja linafa, ndipo waikanso lina mbali yachiwiri ya tsinde lomwelo. Mbande zogwirazo tidzazioka pa munda wa sukulu mvula ikakhazikika, zikakhala zitakula mokwanira; zotsalira zidikira chaka chamawa. Bambo uja anabwereka mpeni wanga masiku awiri, ndipo waubweza uli wonola kuposa mmene unaliri.

Sabata yamawa tidzakambirana za kukumba maenje a mitengo ya zipatso ndi kuthiramo manyowa. Amene muli ndi manyowa a khola yambani kuwaunjika pamthunzi.

Ndine wanu,
Mlangizi wa Zaulimi, Mwanza.